Dzenje la pawindo la chipinda chapansi likadzaza masamba

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene akuchita lendi nyumba ku Indiana, m'dziko la America. Akuti kunja kwa windo la chipinda chapansi pa nthaka, momwe ana awo amagona, kuli dzenje lotchingidwa ndi lata lopindika, ndipo ladzaza masamba ndi udzu. Mvula itagwa sabata yatha, madzi anakwera mpaka pagalasi, n'kuyamba kulowa m'kati moti kapeti inanyowa. Funso lawo n'lakuti, kodi angolikwirira dzenjelo kapena alitseke ndi thabwa?

Mayi, chonde musalikwirire ndipo musalikhomere thabwa. Dzenje limeneli, limene kumeneko amalitcha window well, analikumba dala kuti kuwala kuzilowa m'chipindamo, komanso pansi pake pamakhala timiyala todutsa madzi. M'nyumba zambiri, pakati pa timiyalato pamabisala paipi yotsikira ku mapaipi ozungulira maziko, amene amapititsa madzi ku pampu yowapopera kunja. Choncho dzenjelo ndi ngalande, ndipo limatsekeka mofanana ndi ngalande za kwathu tikapanda kuzilambula mvula isanayambe.

Chimene chimavuta kwenikweni si masamba ouma amene mukuwaona pamwamba, koma amene anawola pansi. Masamba amathothoka mu Okutobala ndi Novembala, chipale chofewa chimawatsindira m'miyezi yozizira, ndipo chikasungunuka cha m'Malichi amakhala atasanduka matope akuda onga manyowa, amene amamata mipata yonse ya pakati pa timiyala. Munthu angachotse zapamwamba, dzenje n'kuoneka laukhondo, koma madzi osalowerera ngakhale pang'ono.

Valani magolovesi, mutenge ndowa ndi kafosholo, muchotse zinyalala zonse mpaka timiyala tioneke. Kenako tipalaseni mozama, ndipo ngati tamatirirana ndi matope, tizuleni n'kutitsukira kunja kwa dzenje, chifukwa mukatsukira momwemo matope onsewo athera m'paipi. Potibwezera, onetsetsani kuti tatsala m'munsi ndithu mwa chimango cha windo. Mukapeza ndowe za mbewa, musazisese zili zouma, popeza fumbi lake limatha kunyamula kachilombo ka hantavirus. Yambani mwazinyowetsa ndi madzi a jiki. Pomaliza thirani ndowa zingapo za madzi n'kuima pomwepo kuyang'ana. Akalowerera msanga ndiye kuti zatheka, koma akangoti ndundundu, paipi yatsekeka pansi, ndipo imeneyo ndi ntchito ya eni nyumba. Alembereni uthenga pamodzi ndi zithunzi kuti pakhale umboni.

Mvula yogwera mwachindunji m'dzenjemo siichuluka kwenikweni. Nthawi zambiri madzi amachokera padenga, ngalande za m'mphepete mwa denga zikatsekeka n'kumasefukira, kapena paipi yotsitsa madziwo ikamakhuthulira pafupi ndi khoma. Malamulo omangira nyumba amene madera ambiri a ku America amatsatira amafuna kuti nthaka izitsetsereka kuchoka pakhoma ndi mainchesi 6 pa mafiti 10 oyambirira, ndiko kuti pafupifupi masentimita 15 pa mamita atatu. Wotchetcha kapinga naye muuzeni kuti makina asamalavulire udzu chakukhoma.

Chivundikiro cha pulasitiki choonekera m'kati n'chothandiza, chifukwa chimatchinga masamba koma osatseka kuwala. Apa ndiye ndikupemphani kuti musamale, popeza mwanena kuti anawo amagona m'chipindamo. Malamulo omwewo amati chipinda chogona chapansi chikhale ndi potulukira pa ngozi, ndipo kawirikawiri potulukirapo ndi windo lomwelo. Dzenje la windo lotere liyenera kukhala losachepera mainchesi 36 m'litali ndi m'lifupi, ndipo likazama kuposa mainchesi 44 limafunika makwerero okhazikika. Chivundikiro chake chizitseguka kuchokera m'kati popanda kiyi kapena chida chilichonse. Musachitseke ndi loko, musachitsindire ndi njerwa, ndipo muwayesetse anawo kuchikankha okha masana kukuwala. Ngati dzenje lanu ndi laling'ono moti mwana sangatulukiremo, nkhaniyo ndi yaikulu kuposa masamba, ndipo muifunse kwa eni nyumba mwamsanga.

Achule, akalulu ngakhale kanyimbi amagweramo n'kulephera kutuluka. Musagwire kanyimbi ndi manja. Ingotsamiritsani thabwa lokhakhala kuti akwere yekha usiku.

Ine ndimaona kuti kulambula kawiri pachaka n'kokwanira, masamba akatha kuthothoka ndiponso chipale chikatha kusungunuka, kuwonjezera pa kusuzumiramo pakawomba chimphepo. Za kapeti ija musazengereze, chifukwa nkhungu imatha kuyamba kumera chinthu chikakhala chonyowa kupitirira maola 24 mpaka 48. Popeza padutsa kale sabata, itukuleni pakona mununkhize choyala chofewa cha pansi pake, ndipo ngati chikumveka fungo la chinyontho, auzeni eni nyumba kuti achichotse anawo asanabwerere kukagona m'menemo.