Funsani Malume: Tipite ku Dziwe la Nkhalamba kapena tingokhala?

Malume, ine ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Ngabu kuno ku Chikwawa. Kutentha kwa kuno mukukudziwa, ikafika Okutobala madzi a mu ndowa amakhala ngati wina wawatereka pamoto. Ndiye ife a banki mkhonde tagwirizana kuti tikagawana ndalama mu Disembala tipite kokayenda ndi ana, wina wabweretsa nzeru yoti tikasambe ku Dziwe la Nkhalamba ku Mulanje, akuti madzi ake ndi ochokera m'phiri oyera mbee osati a swimming pool za m'maloji zonunkha mankhwala zija. Koma apongozi anga akukaniza ana, akuti kuli mizimu ndipo anthu amapita osabwerako. Ana angawo kusambira amatha, anakulira m'ngalande. Nanga likodzo kulibe? Tipite kapena tingokhala?
Mayi wa ku Ngabu

Mayi, pitani ndithu, malowo ndi okongola moti ana adzawakamba mpaka kukula, koma Disembala yekhayo ayi. Imeneyo ndi nthawi ya mvula ndipo phiri la Mulanje ndi lina, mvula itha kugwa kumtunda inu pansi mukuona dzuwa lili phwee mukudya masikono, kenako mtsinje wa Likhubula, pomwe pali dziwelo, wangodzaza mwadzidzidzi madzi asanduka ofiira akubwera ndi mitengo. Inu a kuchigwa madzi obwera opanda mvula mumawadziwa kale, Mwanza ndi Ruo amachita zomwezo. Komanso simunaiwale za namondwe Freddy mu Malichi 2023 momwe miyala inatsikira m'phiri lomwelo ku Mulanje ndi ku Phalombe. Ndiye kambiranani pagulupo, mwina mupatule ya ulendo muisunge mpaka Seputembala kapena Okutobala. Juni ndi Julaye mvula yamphamvu kulibe inde koma kumazizira ndi chiperoni, ana a ku Ngabu sangavule n'komwe malaya.

Tsopano pa nkhani yoti ana amatha kusambira, apa ndi pomwe ine ndikuopa kwambiri kuposa mizimu ya apongoziyo. Mwana wokulira m'ngalande anazolowera madzi ofunda, osaya, oti akatopa amangoima n'kuponda pansi. Dziwe lija ndi lakuya, pansi ndi m'mbali ndi miyala yoterera ya ndere, ndipo madzi ake ndi ozizira zedi ngakhale kunja kukutentha. Munthu ukadumphiramo thupi lili lotentha ndi ulendo, mpweya umabanika, umayamba kupuma mofulumira osafuna, ndiye ngati mutu uli pansi pamadzi nthawi imeneyo wamwa madzi basi. Pakapita mphindi zingapo manja ndi miyendo zimauma, mphamvu zimatha, wodziwa kusambira uja n'kumalephera kufika pamwala womwe akuwuona pompo. Kuonjezera apo pomwe mathithi akugwera madzi amazungulira n'kumakokera pansi, ndipo poti ndi oyera kwambiri pakuya pamaoneka ngati pafupi. Anthu amamira kumeneko, zimenezo apongozi sakunama, ndipo kawirikawiri amakhala achinyamata odzidalira, ena atalawako kachakumwa, ena akufuna chithunzi choika pa Facebook.

Ndiye lamulo likhale loti palibe kudumpha kuchokera pamwala, palibe kusambira kupita kumathithi, ana alowe pang'onopang'ono m'mbali mosaya akayamba apuma kaye thukuta liume, ndipo mayi mmodzi asalowe m'madzi komanso foni aike m'chikwama, ntchito yake ikhale kuwerenga mitu basi, muzisinthana. Mowa usiyeni ku Ngabu.

Za likodzo, chodabwitsa n'chakuti ngalande ya kwanuyo ndiyo yoopsa kuposa dziwelo. Tizilombo ta likodzo timakulira mu nkhono za m'madzi ofunda oyenda pang'onopang'ono, a udzu m'mbali, monga m'madambo a Shire ndi m'minda yothirira, ndipo timalowa pakhungu munthu akamasamba kapena kuchapa. Madzi ozizira othamanga a m'phiri nkhono zimenezi siziwakonda. Ngati mwana wina akukodza magazi kapena akudandaula kupweteka pokodza musadikire ulendowu, pitani naye kuchipatala akamuyeze, mankhwala ake alipo, praziquantel, omwe aja amagawa nthawi zina kusukulu. Koma kuyera kwa madzi kusakupusitseni kuti mumwe a padziwe pomwe anthu akusamba, tengani anu m'zigubu.

Apongozi musalimbane nawo. Dzina lomwelo likuchokera ku nkhani ya makolo yoti pamalopo pankaoneka nkhalamba ya imvi, ndipo anthu ankapereka nsembe kumeneko. Iwo ngati ndi a kuchigwa amadziwa ulemu womwe anthu amapereka ku Khulubvi kwa M'bona ku Nsanje, ndiye maganizo awo sakuchokera patali. Ndipotu mu 2025 a UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, anaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse chifukwa cha chikhalidwe chomwechi cha Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe omwe amalitenga ngati malo a mizimu. Ine ndikanakhala inu ndikanawauza kuti amayi tiyeni limodzi mukatiyang'anire ana, gogo woopa madzi ndiye mlonda wabwino kuposa tonsefe. Kungoti pali kukwera, kuchokera pa ofesi ya zankhalango pa Likhubula ndi pafupifupi ola limodzi wapansi, ndi ana n'kupitirirapo, ndiye muone mawondo awo.

Kayendedwe, chitani hayala minibasi imodzi, zokwera zodukizadukiza ndi ana zidzakutopetsani. Munyamuke kusanache, mudutse Nchalo, Dyeratu, pa Kamuzu Bridge, Thabwa n'kukwera zitunda zija mpaka Blantyre, ana ena amasanza m'makona amenewo ndiye majumbo akhale pafupi. Kuchoka ku Limbe mulunjike ku Mulanje, pa Chitakale mukhotere msewu wa ku Phalombe mpaka pa Likhubula. Pamenepo pamakhala anyamata operekeza alendo, tengani mmodzi ndipo mugwirizane mtengo musanayambe kuyenda, iyeyo ndi amene akudziwa mwala woterera ndi mbali yomwe ana angasewere. Pali kandalama kolipira polowa, muzifunsa lisiti. Nsapato zikhale zogwira osati mapatapata, aliyense atenge chitenje chouma ndi juzi yovala potuluka m'madzi, ndipo mabotolo ndi mapepala a zakudya mubwerere nawo. Muyambe kutsika dzuwa likadali m'mwamba kuti zitunda za Thabwa musadzazitsike usiku dalaivala atatopa.
Malume