Mawu amene anandiimitsa njo pamaso pa anthu

Mmodzi wa inu wandilembera imelo sabata ino. Akuti akumasulira nkhani ina ndipo wakumana ndi mawu achingerezi akuti transcend, ndiye akufunsa kuti m'Chichewa alembe chiyani. Achemwali, mwandiponda pachilonda.

Zaka zapitazo ndinkamasulira zolankhula za mlendo wina pamsonkhano. Zonse zinkayenda myaa mpaka pamene mkuluyo anatulutsa mawu omwewa. Ndinaima njo, maikolofoni ali m'manja, maso onse ali pa ine. Kenako ndinangoti "chinthu chachikulu kwambiri". Mlendoyo anamwetulira poganiza kuti ndalasa, koma ine mumtima ndinkadziwa kuti anthu ndawanamiza. Njovu ndi yaikulu kwambiri, komatu imeneyo si nkhani imene ankanena.

Usiku umenewo tulo sitinabwere, ndipo chimene chinandibwerera m'mutu ndi kadamsana wa pa 21 June 2001. Tsiku limenelo ndinali pamalo pomwe mwezi unaphimba dzuwa lonse. Ndinapitako nditawerenga kale zonse: kuti mwezi udutsa pakati pa ife ndi dzuwa, kuti dzuwa ndi lalikulu kuposa mwezi pafupifupi ka 400 koma lilinso kutali pafupifupi ka 400, n'chifukwa chake ziwirizi zimaoneka zofanana kukula. Ngakhale nthawi yake ndinkaidziwa. Koma masana aja kutayamba kuzizira, mbalame zinakhala chete, ndipo pansi pa mtengo kuwala kodutsa m'masamba kunasanduka timiyezi ting'onoting'ono tambirimbiri. Kenako mdima bii, kumwamba kutatsala mphete yoyera. Thupi lonse linachita tsemwe. Bambo wina amene anali pambali panga, yemwe analongolola m'mawa wonse, anangovula chipewa osanena kanthu. Zinatenga mphindi ngati zitatu basi. Zimene ndinawerenga zinali zoona zokhazokha, koma zimene ndinamva sizinakwanemo.

Mawu akuti transcend anachokera ku Chilatini: trans ndiye kutsidya, scandere ndiye kukwera. Ndi munthu wokwera mpanda n'kukatsikira mbali inayo. Choncho nkhani yake ndi ya malire, kukula kulibe nazo ntchito. Apa ndipamene ndimatsutsana ndi anzanga amene amathamangira kulemba "kuposa" kapena "kupambana" paliponse. Mawu awiriwa amafuna chinzake choyerekeza nacho. Wothamanga akaposa anzake amakhala akadali m'bwalo lomwelo, ndipo wotchi yomweyo ndi imene yamuyeza. Pamene transcend akunena za chinthu chimene wotchiyo singachiyeze n'komwe. "Chozizwitsa" nachonso sichikwanira, chifukwa kadamsana uja sanaphwanye lamulo lililonse la chilengedwe.

Ndipo azungu eni akewo asakunamizeni kuti mawuwa amawamvetsa onse. Masiku ano amangowamwaza paliponse, pa mafuta onunkhira, pa nyimbo iliyonse yatsopano, pa chigoli cha mpira. Zimandinyansa. Chilichonse chikakhala chopyola malire ndiye kuti malirewo kulibe.

Anthu ophunzira nawonso anawapinda m'njira zawo. Immanuel Kant, katswiri wa maganizo akuya wa ku Germany, m'buku lake la 1781, anasiyanitsa transcendent ndi transcendental. Loyambalo ndi la zinthu zimene munthu sangazifikire ndi maso, makutu kapena manja. Lachiwirilo ndi la zimene ziyenera kukhala kale m'maganizo kuti munthu athe kuona kapena kumva kalikonse, monga malo ndi nthawi. Ophunzira ambiri amasokoneza awiriwa, inenso ndinawasokoneza kwa zaka. Akatswiri a masamu alinso ndi manambala amene amawatcha transcendental, ndipo pi, nambala ija yoyezera zinthu zozungulira, ndi imodzi mwa iwo. Ferdinand von Lindemann ndi amene anatsimikizira zimenezi mu 1882. Mphunzitsi wanga wa masamu akanandiuza kuti nambala yoyezera zozungulira ili ndi dzina laulemu chonchi, mwina ndikanamamvetsera m'kalasi.

Nanga mulembe chiyani?

Musasake liwu limodzi, simulipeza. Funsani kaye kuti malire amene akudutsidwawo ndi a chiyani. Ngati ndi a nzeru, lembani "chopitirira nzeru za munthu" kapena "chimene nzeru sizingachifike". Ngati ndi a mawu, "chosasimbika" chimagwira bwino. Ngati akunena za chikondi kapena nyimbo imene imagwirizanitsa anthu osiyana, nenani kuti "siona mtundu" kapena "imadutsa malire a zilankhulo". Koma samalani ndi "kupyola muyezo", chifukwa wowerenga amva ngati mukudzudzula munthu woledzera. Nditumizireni chiganizo chonsecho ndione, poti simunandiuze kuti nkhaniyo ndi ya chipembedzo kapena ya luso.