Matayala a Honda CB350 ya 1971: kwa achimwene a ku Luchenza

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga. Mwati mwadzutsa Honda CB350 ya 1971 imene malemu amalume anu ankayendera pamene ankagwira ntchito ku esiteti ya tiyi. Injini ikulira bwino, penti mwapaka, chatsala ndi matayala, ndipo mukufuna ooneka achikale. Mtima wanu uli pa aja a mano a zigizagi amene mwawaona pa zithunzi. Mwatinso munthu wina ku Limbe akugulitsa matayala awiri akalekale osapondapo pansi, akadali m'mapepala ake, komanso mukufunsa ngati kumbuyo mungaike tayala lokulirapo, la saizi ya 4.00, kuti njinga ioneke yojintcha.

Pa zitatu zonsezo ine ndikuti ayi. Gulani matayala amene nkhope yake ndi yachikale koma labala lake ndi la chaka chino kapena chatha, pa saizi imene njingayo inatuluka nayo ku fakitale: 3.00-18 kutsogolo, 3.50-18 kumbuyo (nambala yoyamba ndi m'lifupi mwa tayala, yachiwiri ndi kukula kwa limu, zonse m'mainchesi). Matayala oterowo akupangidwabe mpaka lero.

Ndiyambe ndi a ku Limbe aja, chifukwa ndi amene angakuvulazeni msanga. Tayala limakalamba ngakhale lili pa shelefu. Labala limauma pang'onopang'ono ndi mpweya, kutentha ndi dzuwa, ndipo likauma silimamatiranso pa tala. Mano amaoneka athunthu, wogulitsa amakuonetsani timinga tatsopano tija, koma mukagwira buleki pa tala yonyowa njinga imangopitirira. Zaka zake musafunse wogulitsa, tayala limanena lokha. Pambali pake pamene palembedwa DOT, kumapeto kwa mzerewo pamakhala manambala anayi: awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka. Mukaona 1524, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 15 m'chaka cha 2024. Mukapeza manambala atatu okha, tayalalo linapangidwa chaka cha 2000 chisanafike, ndipo malo ake ndi pakhoma la galaja ngati chokongoletsa. Kampani ya Michelin imalangiza kuti tayala likakwana zaka 5 liziyenderedwa chaka ndi chaka, ndipo likafika zaka 10 lichoke ngakhale mano alipo. Ine pogula latsopano sindilola loposa zaka ziwiri kapena zitatu, chifukwa njinga ngati yanuyi siyenda tsiku lililonse. Tayala lake lidzatha ndi ukalamba mano asanathe, ndiye bwanji kuyamba ndi lokalamba kale?

Tsopano a zigizagi aja. Otchuka ndi Firestone Deluxe Champion, ndipo Shinko ili nawo ake ofanana nawo otchedwa 270. Pa chithunzi ndi okongola, sindikana. Koma kapangidwe kameneko ndi ka m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, ka njinga zolemera za ku America monga Harley-Davidson ndi Indian. Honda ya 1971 sinavalepo zimenezo. Ngati cholinga chanu ndi chakuti njinga ioneke mmene amalume ankaiyendetsera, matayalawo akusocheretsani ndi zaka 30 zathunthu.

Vuto lalikulu lili pa kapondedwe kake. Pamwamba pake ndi pophwatalala, m'mbali n'kukhala ngodya. Njinga imakhota poipendeketsa, ndiye tayala lozungulira bwino limapendeka mwaulemu, pamene lophwatalala limayamba lakana, kenako n'kugwera mbali mwadzidzidzi litaima pa ngodya ija, labala logunda pansi litachepa. Mizere yake siinapangidwenso kuti izikankhira madzi kunja ngati mmene amachitira matayala a masiku ano. Anthu amene amawaika nthawi zambiri ndi oyenda pang'ono m'tauni dzuwa likuswa mtengo, kukaimika pa chionetsero n'kubwerera. Inu mukukhala kwina. Msewu wa M2 kuchoka ku Luchenza kukwera ku Thyolo boma mpaka ku Bvumbwe ndi makona ndi zitunda. Nthawi ya dzinja mvula ya kuno mukuidziwa, ndipo ikatha, June ndi July chiperoni amabwera ndi kamvula kowaza kaja kamene sikatsuka msewu koma kumangounyowetsa. Onjezerani katondo amene mathirakitala a m'maesiteti amakwera naye pa tala potuluka m'minda, ndi dizilo wodontha m'malole. Pamenepo pamaterera ngati therere, ndipo CB350 ya chaka chimenecho ili ndi mabuleki a dilamu kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Chimene chingakupulumutseni ndi labala basi.

Amene ndingakusankhireni ndi awa. Oyamba IRC GS-11, a ku Japan. Amapezeka pa 3.00-18 ndi 3.50-18 ndendende, mizere yake ndi yofanana ndi imene njinga za Honda, Yamaha ndi Suzuki zinkavala m'zaka za m'ma 1970, ndipo mtengo wake suwawa kwambiri poyerekeza ndi anzake. Munthu akaiona njinga itaima pa Chitakale sangadziwe kuti matayalawo ndi a chaka chino. Ngati thumba likulola, pali Heidenau a ku Germany, K44 kutsogolo ndi K36 kumbuyo, amene eni njinga zakale amawayamikira pa msewu wonyowa. Palinso Dunlop TT100, amene mbiri yake ndi ya nthawi yomweyo ya njinga yanu: poyamba ankatchedwa K81, ndipo anawapatsa dzina latsopanolo Malcolm Uphill atazungulira mpikisano wa Isle of Man TT pa liwiro la mamailosi 100 pa ola mu 1969, ali pa Triumph Bonneville ya mtundu wogulitsidwa kwa aliyense. Mtundu wake wa TT100 GP uli ndi masaizi anu. Ndi odula, ndipo labala lake lofewa limatha msangako, koma pa makona a ku Thyolo amagwira.

Wina akuuzani za Dunlop K70 kapena Avon Speedmaster ndi Safety Mileage. Ndi matayala abwino, koma kwawo kwenikweni ndi pa njinga za ku Britain monga BSA, Triumph ndi Norton. K70 amene ali pa msika ndi a 3.25-19, 3.50-19 ndi 4.00-18, ndiye kutsogolo kwa njinga yanu sangalowe n'komwe.

Chimodzi simunanene, ndipo chikhoza kusintha malangizo angawa: kodi kunyumba kwanu mumafika pa tala, kapena pali mtunda wa msewu wafumbi? Matayala akutsogolo achikale ambiri amakhala ndi mizere yoongoka yozungulira tayala lonse. Pa tala amawongolera bwino kwambiri, chiwongolero chimapepuka. Pa katondo wonyowa mizere ija imadzaza matope nthawi yomweyo, ndipo palibe dzino loluma pansi mukagwira buleki. Ngati ulendo wanu uliwonse umayamba ndi makilomita angapo a m'tinjira ta m'minda ya tiyi, kapena mumakonda kukwera cha ku Likhubula ndi kumidzi ya m'tsinde mwa phiri, sankhani a mano a timabokosi kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Mitas ya ku Czech Republic ndi Heidenau yomweyo ali nawo a mtundu umenewo, ndipo nawonso ndi achikale ndithu, chifukwa njinga zambiri za nthawi imeneyo zinkayendera oterowo. Musafike pa a mano ataliatali a njinga za mpikisano wa m'matope. Amenewo pa tala amanjenjemera ndipo pa kona yonyowa ndi oopsa kuposa a zigizagi aja.

Za 4.00 kumbuyo. Tayala limatenga maonekedwe ake kuchokera ku limu imene lakhalapo. Malimu a CB350 ndi opapatiza, mainchesi 1.60 kutsogolo ndi 1.85 kumbuyo. Mukakakamiza tayala lalikulu pa limu yopapatiza, m'munsi mwake mumapanikizika, pamwamba n'kutumphuka, ndiye labala logunda pansi silichuluka monga mukuganizira ndipo pakati pamatha msanga. Komanso matayala a saizi ya mainchesi msinkhu wake umalingana ndi m'lifupi mwake, kotero 4.00 ndi lalitalinso. Limayandikira madigadi, mukanyamula munthu pa bampu limakhula, ndipo m'mbali limapikisana ndi chotchinga tcheni. Injini ya 325cc imeneyo mphamvu zake si zoti n'kumazitayira pa kuzunguza tayala lolemera. Ngati a mainchesi asowa, a saizi ya masiku ano oyandikira ndi 90/90-18 kutsogolo ndi 100/90-18 kumbuyo. Pamenepo mupeza Avon Roadrider, amene amagwira koposa onse ndatchulawa koma nkhope yake ndi yamakono. Ine pa njinga yoyendera tsiku ndi tsiku ndikanatenga amenewa osaganiza kawiri, koma inu mwanena kuti maonekedwe ndi nkhani, ndiye ndikulemekeza zimenezo.

Pafupi ndi saizi pamakhala nambala ndi chilembo, monga 47S kapena 56S. Nambalayo ndi katundu amene tayala linganyamule: 47 ndi makilogalamu 175, 56 ndi makilogalamu 224. Chilembo ndi liwiro: L ndi makilomita 120 pa ola, P ndi 150, S ndi 180, H ndi 210. CB350 ikakhala bwino imapitirira 140, ndiye musatsike pansi pa P ngakhale mukulumbira kuti simuthamanga. Kumbuyo musatsike pansi pa 56, chifukwa tsiku lina mudzakweza alamu athu ndi mkoko wa nthochi pamwamba.

Apa ndi pamene nkhani ya matayala a kabaza imalowera, chifukwa ndikudziwa kuti amakaniko akuuzani kuti 3.00-18 ali mbwee pa Luchenza pomwepo, pa Limbuli, ngakhale kutsidya ku Milange. N'zoona, njinga zambiri za ku China zotengera Honda CG125 zimayendera malimu a mainchesi 18. Sindiwanyoza matayalawo, amagwira ntchito imene anawapangira: kunyamula katundu wolemera pa njinga yaing'ono ndi kukhalitsa. N'chifukwa chake labala lake limakhala lolimba, ndipo ambiri mano ake ndi a kumbuyo. Kuika lotere kutsogolo kwa njinga yolemera ndi yothamanga kuposa ya kabaza si nzeru. Koma ngati ndalama zavuta ndipo mukufuna kuti njinga iyambe yayenda, tayala latsopano la kampani yodziwika monga Kenda, CST kapena MRF, la chaka chino, lokhala ndi chilembo P, ndi labwino kutalitali kuposa la dzina lalikulu limene lagona m'sitolo zaka 15.

Enawo muyenera kuitanitsa, ndipo njira yachidule ndi ya ku Joni kudzera mwa anthu otumidwa katundu kapena m'bale amene akubwera. Powerengera ndalama musaiwale mtengo wonyamulira ndi msonkho wa pa chipata. Musanatumize khobidi, wogulitsayo akujambulireni pambali pa tayala lililonse, pooneka saizi ndi manambala anayi aja. Akayamba kuzemba, pitani kwina. Muuzenso wonyamulayo kuti asawapinde kapena kuwamanga ndi lamba mpaka kuphwatalala pofuna kusunga malo, chifukwa m'mphepete mwa tayala muli waya, ndipo akapindika sakhalanso bwino pa limu. Gulani onse awiri a kampani imodzi, opangidwira kuyendera limodzi.

Ntchito imene anthu amaithamangira ndi yovala, pamene ndi imene imafuna kudekha. Malimu anu ndi a masipoko, ndiye chubu n'chosapeweka, ngakhale tayala litalembedwa kuti Tubeless. Ikani machubu atsopano a saizi yake. Chubu chakale chinatanuka kale, ndipo m'tayala latsopano chimakwinyika n'kudzang'ambika pa khwinya pomwepo. Matayala akale akachoka, musathamangire kuvala. Yang'anani m'kati mwa limu. Njinga imene yaima zaka zambiri m'chinyontho cha kuno, kunja kumanyezimira koma m'kati, pa mitu ya masipoko, dzimbiri limakhala litadya. Lopepuka palani ndi bulashi ya waya n'kupaka penti. Ngati chitsulo chayamba kusendeka m'magawo kapena chabooka, limu imeneyo yatha, ndipo tayala la mtengo uliwonse silingaikonze. Gogodani sipoko iliyonse ndi sipanala: yolimba imalira, yomasuka imangoti phu. Kenako ikani lamba watsopano wophimba mitu ya masipoko. Ambiri amadula chubu chakale n'kukulungapo, ndipo zimatheka, koma lamba weniweni ndi wotchipa, muitanitsire limodzi ndi machubu.

Amakaniko anu agwiritse zitsulo zovalira matayala, osati masikuludiraiva amene amatsina chubu ndi kukanda limu. Chubu achipake pauda pang'ono ndi kuchipopa pang'ono asanachilowetse. Pambali pa tayala pali muvi wosonyeza kumene liyenera kuzungulira, ndipo ena amakhala ndi mivi iwiri, wina wa kutsogolo wina wa kumbuyo, ndiye muime pomwepo muone nokha. Kadontho kachikasu kakakhalapo, kalunjike pa valavu. Mpweya muyeze ndi geji matayala asanatenthe, osati kukanikiza ndi chala. Matayala a masiku ano kawirikawiri amafuna mpweya wochulukirapo kuposa umene unalembedwa m'buku la 1971, ndiye tsatirani zimene kampani ya tayalalo yanena pa njinga yanu.

Makilomita 150 oyamba muyende mofatsa, osapendeka kwambiri pa makona, chifukwa tayala latsopano limakhala loterera pamwamba mpaka litakhulika. Pa ulendo woyamba sankhani tsiku louma ndi msewu wa Luchenza kupita ku Chonde, osati zitunda za ku boma. Mukachotsa matayala akalewo, tijambulireni m'kati mwa malimu onse awiri ndi manambala amene adindidwa pa limu. Njinga ya zaka zoposa 50 yadutsa m'manja ambiri, ndipo ngati wina anasinthapo limu, saizi ndakuuzaniyi tiyenera kuionanso musanaitanitse.