Laputopu imangoima ndikatsegula ma tab ambiri, ndipo ntchito sikuyenda

Funso: Ndine wophunzira wa chaka chomaliza ndipo ndikulemba kafukufuku. Laputopu yanga ili ndi RAM (malo amene kompyuta imasungamo zimene ikugwiritsa ntchito pa nthawiyo) ya 4 GB. Ndikamafufuza pa Chrome, pakangotha ola imayamba kuchedwa, mwinanso kuimiratu. Sabata yatha inazima ndili ndi ma tab (masamba otsegula pa Chrome) oposa 50, zonse zimene ndinapeza n'kusowa. Kodi ndiwonjezere RAM? Masiku akutha koma sindinalembe ngakhale tsamba limodzi.

Yankho: Pepani ndithu, koma musataye mtima, zambiri mwa izo zikadalipo. Tsegulani Chrome n'kudina Ctrl+H. Chrome imasunga mbiri ya masamba amene munatsegula kwa masiku 90, ndiye pitani pa tsiku limene inazimalo mutolenso zofunika. Ikadzazimanso, mukangoyatsa dinani Ctrl+Shift+T, ma tab amabwerera.

Za RAM, 4 GB ndi yochepadi. Windows payokha imadya gawo lalikulu, ndipo tab iliyonse imafuna malo ake. RAM ikadzaza, kompyuta imayamba kusungira zinthu pa diski, imene ndi yochedwa kwambiri, n'chifukwa chake mumaona ngati yafa. Kufika pa 8 GB kungathandize, koma yambani mwafunsa wokonza, chifukwa pa malaputopu ena RAM inawotcheredwa pa bolodi ndipo siwonjezeka. Pakali pano lowani mu Settings ya Chrome, pa Performance, muyatse Memory Saver kuti izigoneka ma tab amene simukuwagwiritsa ntchito.

Koma chimene chandikhudza m'funso lanu ndi mawu omalizawo. Ngakhale titakuikirani RAM yochuluka, mungotsegula ma tab 100, tsamba lija osalembedwabe. Tab iliyonse imene mwasiya ndi ngongole, mukudziuza kuti mudzawerenga, koma simunalembe paliponse chimene munaitsegulira. Pakapita masiku atatu simukumbukanso.

Ndiye chitani chonchi. Ikani Zotero, pulogalamu yaulere, pamodzi ndi kachidutswa kake koika pa Chrome kotchedwa Zotero Connector. Mukapeza nkhani yothandiza, mumadina kamodzi ndipo imasunga mutu, wolemba, chaka, nthawi zambiri ndi PDF yomwe. Kenako lembani pansi pake chiganizo chimodzi m'mawu anuanu, monga chakuti nkhaniyi ikutsutsa mfundo ya m'gawo lachiwiri. Mukatero tsekani tab ija pompo. Chiganizo chimenecho musachipeputse, ndi chimene chidzakupulumutseni tsiku lolemba, ndipo chimakukakamizani kuona ngati nkhaniyo ikukufunikiranidi. Zambiri mudzapeza kuti sizikufunika. Ine ndimalangiza kusapitirira ma tab asanu kapena asanu ndi limodzi, makamaka pa makina ngati anuwa.

Kufufuzanso kuzikhala ndi malire. Musanatsegule Chrome, lembani papepala funso limodzi limene mukufuna kuyankha lero. Yambirani pa Google Scholar, gawo la Google lofufuzira nkhani za akatswiri a maphunziro. Pa Google wamba, mawu oikidwa m'zizindikiro zogwira mawu amabweretsa masamba okhala ndi mawu omwewo, ndipo mukawonjezera filetype:pdf mumapeza ma PDF okha. Dzipatseni mphindi 30 zofufuza, zikatha zimitsani Wi-Fi muwerenge zimene mwasunga, chifukwa Zotero imatseguka popanda intaneti. Lembani ndime imodzi tsiku lomwelo, ngakhale yosakoma, mudzaikonza.

Foni nayo, ngati ili ya Android ili ndi Focus mode mkati mwa Digital Wellbeing, imene imaimitsa WhatsApp ndi Facebook pa nthawi imene mwasankha. Pa iPhone yang'anani Screen Time.

Popeza laputopuyi inazimapo kale mwadzidzidzi, zolemba zanu zisakhale pamalo amodzi. Google Drive imapereka 15 GB yaulere, ndiye madzulo alionse tumizaniko kope lokhala ndi deti pa dzina lake. Ndipo ikapitiriza kuzima yokha muli ndi ma tab ochepa, vuto si RAM ayi, ipititseni akaione batire komanso fani, mwina yadzaza fumbi ndipo ikutentha.