Bukulo n'loseketsa, koma mutu womalizawo ayi

Achemwali, amene akukuuzani kuti Born a Crime, buku limene Trevor Noah, katswiri wa nthabwala wa ku South Africa, analemba za moyo wake, ndi nthabwala zokhazokha, zoti mutha kungomupatsa mwana wa Fomu 2, sanafike kumapeto. Kuseka mumaseka ndithu. Paja Trevor Noah ali mwana anadzithandiza pa nyuzipepala m'khitchini ku Soweto, agogo ake osaona akumva fungo, mpaka amayi a m'deralo kudzachita mapemphero othamangitsa ziwanda, ine ndinaseka mpaka misozi ndili m'minibasi. Koma mutu womaliza unandisowetsa tulo.

Abel, amene anakwatira amayi a Trevor, ankati akamwa n'kumawamenya. Akapita kupolisi ankawabweza, eti ndi za m'banja. Mu 2009 anawaombera m'mutu akuchokera kutchalitchi, banja litatha kale. Anapulumuka, koma mkuluyo sanakagwire ukaidi.

Zomwezo n'zimene tinaona kwathu. Bambo ondipeza anabwera usiku magetsi atazima, amayi akupakula nsima pa mbaula. Anangofunsa kuti ndiwo za nyama zili kuti, pomwe ndalama anali atamwera yekha. Amayi asanayankhe n'komwe anatenga pampu ya njinga. Ine ndinakabisala kuseri kwa thumba la chimanga nditamutseka pakamwa mng'ono wanga kuti asalire, mkodzo wake ukundinyowetsa miyendo. Ndinkamva pampu ija ikulira pamsana pa amayi, iwo akungoti pepani, pepani, ana akumva. Mphika unagubuduzika, nsima yonse pansi. M'mawa ndinatola dzino lawo pafupi ndi mbaula ndikusesa.

Ankhoswe atabwera anadya nkhuku yathu yomwe, n'kumati banja ndi kupirira. Amalume anga enieni, mlongo wawo atatupa nkhope chonchija! Mpaka lero akandiimbira kupempha ya feteleza ndimangoiyang'ana foniyo. Kupolisi nako anati kakambiraneni kunyumba, chonsecho lamulo loletsa nkhanza za m'banja linali litakhazikitsidwa kale mu 2006. Bambo ondipeza aja pano ndi mkulu wa mpingo, amalalikira za chikondi atavala suti.

N'chifukwa chake ndimakwiya anthu akamangokamba zoti mayi uja anamuponya Trevor kunja kwa minibasi ikuyenda, ngati buku lonse ndi sewero. Mnyamatayu amakuseketsani dala kuti mumukonde mayiyo, kenako n'kukuonetsani zimene Abel anam'chita.

Mwanayo mpatseni awerenge, ana amadziwa zambiri kuposa mmene timaganizira, ndipo kubisa n'kumene kunatipweteka ife. Komabe mutu womalizawo yambani mwawerenga nokha, ngati ali wamantha muuzeni alekeze pomwepo, adzamaliza akakula. Ndipo amene mukumenyedwa muli m'gulu muno mukungowerenga osayankha, musadikire ankhoswe. Pitani kupolisi ku Victim Support Unit, nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza, mutengenso lipoti la kuchipatala mabala asanapole.