Laputopu kapena Kindle kwa wophunzira amene mabuku ake ali mu PDF

Achemwali, mwafunsa kuti mugule chiti pakati pa laputopu ndi kachipangizo kowerengera mabuku monga Kindle, popeza ndalama zanu zikukwanira chimodzi chokha, mabuku ambiri a maphunziro anu ali mu PDF, ndiponso maso amakuwawani mukawerenga nthawi yaitali pa foni. Ine ndagwiritsa ntchito zonse ziwiri kwa zaka zingapo, ndipo ngakhale kuti Kindle ndimaikonda kwambiri, ndikukulangizani kuti mugule laputopu.

Ubwino wa Kindle kapena Kobo (kachipangizo kena kofanana nayo) uli pa sikirini yake ya mtundu wotchedwa E Ink. M'kati mwake muli tinthu takuda ndi toyera timene timakwera pamwamba kapena kutsika pansi magetsi akatikankha, ndipo tsamba likangooneka limakhala pomwepo osadya batire mpaka mutatsegula lina. N'chifukwa chake batire lake limatha milungu ingapo musanatchajenso, ndipo padzuwa lowala mumawerenga ngati muli ndi pepala m'manja. Pa nkhani ya maso, palibe laputopu imene ingafanane nayo.

Koma vuto lagona pa PDF yanuyo. Buku la EPUB (mtundu wa fayilo wopangidwira tizipangizo towerengera mabuku) mukakulitsa zilembo, mawu amadzikonza okha kuti akwane pa sikirini, pamene tsamba la PDF limakhala momwe analikonzera basi. Sikirini ya Kindle wamba ndi ya mainchesi 6 kapena 7, koma pepala la A4 kuchokera pa ngodya ina kufika pa inzake limaposa mainchesi 14, choncho tsamba lonse likapanikizidwa pamenepo zilembo zimachepa ngati nyerere. Ndinayesapo kuwerenga nkhani ya kafukufuku ya madanga awiri yokhala ndi matchati. Ndinkakulitsa tsambalo ndi zala, n'kulikokera pansi, n'kudikira kuti sikirini iphethire, kenako n'kubwereranso pamwamba kukasaka pamene danga lachiwiri layambira, moti nditafika pa tsamba lachisanu ndinali nditaiwala zimene tchati chinkanena. Zilipo zazikulu monga Kindle Scribe ya mainchesi 10.2 ndi Kobo Elipsa ya mainchesi 10.3, ndipo zimachitako bwino pa PDF, komabe simungalembepo ntchito ya kusukulu ya masamba 20 n'kuikonza monga aphunzitsi amafunira.

Pogula laputopuyo, yambani mwafunsa kuti imasungira zinthu pa chiyani. Ikhale ya SSD (chosungira chopanda mbali zozungulira), chifukwa ya hard disk yozungulira ija imachedwa kuyaka ndipo siichedwa kuwonongeka ikagwa ili yoyaka; ya eMMC (chosungira cha m'malaputopu otsika mtengo) ya 64GB nayonso muipewe, pakuti Windows yokha imadya malo ambiri pamenepo. RAM (malo amene kompyuta imasungiramo kwakanthawi zimene ikugwira panthawiyo) isachepere 8GB, ndipo mufunse ngati n'zotheka kudzaonjezera m'tsogolo, chifukwa pa malaputopu ambiri opyapyala inamatiridwa pa bolodi ndipo siichoka. Purosesa (ubongo wa kompyuta) isakudetseni nkhawa kwambiri, kuwerenga ndi kulemba sikufuna yamphamvu.

Chimene anthu ambiri amachinyalanyaza, chomwe kwa inu ndiye chofunika koposa, ndi sikirini. Sankhani ya 1920 x 1080 ya mtundu wa IPS (yooneka bwino ngakhale mukaiyang'anira cham'mbali), yosanyezimira ngati galasi, osati ya 1366 x 768 imene zilembo zing'onozing'ono zimaoneka zamanomano m'mbali. Musanalipire, tsegulani PDF yanu imodzi pomwepo, muwerenge ndime yathunthu, mupendeketse sikiriniyo kutsogolo ndi kumbuyo kuti muone ngati mitundu ikufwifwa, kenako mulembe ziganizo zingapo kuti mumve ngati mabatani akuyankha bwino m'zala. Mukamawerenga usiku, chepetsani kuwala kwake kuti kufanane ndi kwa m'chipindamo, ndipo muzipumitsa maso poyang'ana patali pakapita mphindi 20 zilizonse.

Ngati ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, onetsetsani kuti ikulola Windows 11, chifukwa Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna TPM 2.0 (mbali ya chitetezo ya m'kati mwa kompyuta) komanso, pa mapurosesa a Intel, kawirikawiri a m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Batire nalonso musangomvera wogulitsa: tsegulani Command Prompt (pulogalamu ya mu Windows yolembamo malamulo), lembani powercfg /batteryreport, ndipo mu lipoti limene lipangidwe muyerekezere mphamvu imene batirelo linali nayo lili latsopano ndi imene latsala nayo panopa.