Musadule eriyoyo musanayang'ane kebulo

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga. Mwati wailesi ya ku ofesi kwanu ku Luwinga inkamvana bwino ndi alonda a ku Katoto ndi ku Chibavi, koma chiyambire mvula mawu akudukaduka, mita yomwe mwabwereka ikusonyeza SWR ya 3, ndipo wina wakuuzani kuti mudule eriyo. Chonde ikani kaye pulayala pansi. Eriyo sitalika yokha. Ngati inkagwira bwino chaka chathachi pa tchanelo chomwecho, kutalika kwake kulibe mlandu, chavuta ndi china.

SWR imakuuzani kuchuluka kwa mphamvu yomwe ikubwerera kuwailesi m'malo motuluka pa eriyo. Wailesi, kebulo ndi eriyo zonse zimafunika zigwirizane pa 50 ohms. Mita ikasonyeza 1.5, pa magawo 100 a mphamvu akubwerera 4 okha, palibe chodandaula. Pa 2 akubwerera pafupifupi 11, ntchito imathekabe. Pa 3 pomwe mulipo akubwerera 25, ndiye kuti wailesi ya mawati 25 ikubwezeredwa mawati oposa 6. Mphamvu imeneyo imatenthetsa tiranzisita yomaliza, ndipo mawailesi ambiri amadzichepetsera okha mphamvu podziteteza. N'chifukwa chake alonda akukumvani movutikira. Musamalankhulepo nthawi yaitali mpaka mutakonza.

Yambani mwaona mita yobwerekayo. Mamita ambiri otchipa ndi a mawailesi a CB, a 27 MHz, ndipo pa VHF, kutanthauza ma frequency okwera ngati 150 MHz, amanama. Werengani pa thupi pake ngati ikufika pa frequency yanu. Ikakhala yoyenera, ikani wailesi pa mphamvu yochepa, switchi ya mita pa FWD, dinani batani lolankhulira la PTT, potozani CAL mpaka singano ifike pa SET, kenako tembenuzirani ku REF n'kuwerenga. Masekondi ochepa akwana, ndipo chitani izi pa tchanelo chanu chomwe MACRA inakupatsani, osati pa cha eni.

Tsopano pomwe ine ndikukayikira kwambiri ndi pamwamba pa mlongoti. Mvula ya kuno ku Mzuzu mukuidziwa, kwina itasiya kale ife timakhala tikadali m'mawawa ndi nkhungu. Konekita ya PL-259, yomwe ambiri timagwiritsa ntchito, siinapangidwe kuti izitchinga madzi. Madzi amalowa pamenepo, n'kumatsika pang'onopang'ono m'kati mwa kebulo. Ndinaitanidwapo pa famu ina cha ku Chikangawa komwe anali atadula kale eriyo kawiri. Nditasenda kebulo pafupi ndi konekita, waya wolukanalukana uja anali atada bii, kwina wobiriwira, madzi akuchita kudontha. Zinandipweteka mtima, chifukwa eriyo inali yabwinobwino, ndipo eni ake anagula ina popanda chifukwa. Tsitsani mlongoti, masulani konekita, muyang'ane dzimbiri ndi chinyezi. Mukapeza kuti wayayo wada, dulani kebulo mpaka pomwe kopa akuwala, ngati yanyowa yonse ingosinthani. Pomanganso kulungani ndi tepi ya rabala yomatirira yokha ija, tepi wamagetsi wamba akhale pamwamba chabe. Ndipo kukamachita mabingu musayandikire mlongoti.

Pali chinanso chomwe chimapusitsa anthu. Kebulo yaitali kapena yonyowa imadya mphamvu popita ndi pobwera pomwe, choncho mita ikakhala pansi pafupi ndi wailesi imatha kusonyeza nambala yokongola eriyo ili yoipa. Kebulo yopyapyala ya RG-58 ya mamita 30 pa 150 MHz imadya mphamvu yoposa theka. Mtunda ukatalika choncho gulani kebulo yonenepa ya RG-213. Ya dishi ya TV ayi, imeneyo ndi ya 75 ohms. Mukapeza dummy load ya 50 ohms, yomwe ndi kachipangizo koyezera komeza mphamvu ya wailesi, imangeni kumapeto kwa kebulo m'malo mwa eriyo. SWR ikakhalabe yokwera, mwagwira wakuba, ndi kebulo kapena konekita.

Kudula kumabwera zonsezi zikakhala bwino. Eriyo ya quarter wave, yotalika kota ya funde la wailesi, mumaiwerengera pogawa 71 ndi frequency yanu ya MHz, yankho limatuluka m'mamita. Pa 150 MHz ndi masentimita pafupifupi 47. Yezani pa tchanelo chanu chotsika kwambiri ndi chokwera kwambiri. SWR ikakhala yabwino kotsika n'kuipa kokwera, eriyo yatalika, ifupikitseni. Ikakhala yabwino kokwera, ndi yaifupi, ndipo kudula kungoonjezera vuto. Eriyo zambiri zili ndi kasikuluwu pansi kolola kukweza kapena kutsitsa kandodoko, yambirani pamenepo. Podula chotsani mamilimita 2 kapena 3 basi, muyeze, mudulenso. Mukafika pa 1.5 siyani, kulimbana kuti mufike pa 1 n'komwe ambiri amapitirizira muyeso. Eriyo za faibala zotsekedwa zija sizidulidwa n'komwe, zimagulidwa malinga ndi frequency.

Eriyo za pa galimoto, yezani muli pabwalo kutali ndi malata ndi makoma, zitseko zotseka, eriyo ili pakati pa denga.

Mundilembere pansipa frequency yanu, mtundu wa kebulo ndi kutalika kwake, muikenso chithunzi cha konekita ya pamwambayo mutaimasula.